Amene Anayatsira Foni ya Bambo

Mwana anakana botolo. Anakana kapu, anakana kasupuni, ndipo pofika Lachitatu mawu ake anali atasasa ngati a nkhalamba yosuta fodya. N'chifukwa chake Nesi, amene anasiya kalekale kubereka ana kumbuyo, anapezeka ali pabenchi ya kupolisi m'mawa umenewo, khanda la mlamu wake lili kumsana, kudikira kuti amutsegulire chitseko likayamwe kwa amake.

Dzina lakuti Nesi linali la ntchito, koma linamera mizu moti ngakhale bambo ake omubereka ankamuitana choncho. Ankachiritsa amayi oyembekezera pakachipatala kena, ndipo maso ake anazolowera kuona zimene ena saona. Maso omwewo ndi amene anabweretsa zonsezi. Lamlungu madzulo, atamva kuti bambo amwalira, anathamangira kunyumba kwa mlongo wake, kumene madalawo ankakhala chiwagwirireni matenda akufa ziwalo. Ena ankalira, iye anatsegula zikope za malemu n'kuona timadontho tofiira m'maso. Anatembenuza mlomo, mkati mwake munali mabala a mano. Womwalira ndi matenda sakhala chotero. Uyu anachita kutsekedwa kukamwa ndi pilo, ndipo Nesi, osafunsa aliyense, anaimbira apolisi.

M'nyumbamo tsiku limenelo munali anthu atatu okha: wodwala, khanda, ndi Mlamu, mkazi wa mlongo wake wa Nesi. Geti linali lokhoma. Apolisi sanavutike kusankha.

Tisabise mawu, Nesi sanamukondepo Mlamu. Ankamuona kuti ndi wofatsa mopitirira, ndipo anthu ofatsa Nesi ankawakayikira. Pamene ankamukweza m'galimoto ya apolisi, mumtima anati ndimadziwa ine. Koma walira mvula walira matope. Mlandu anauyamba yekha, khanda linagweranso iye yemwe, ndipo kulira kwake kunayamba kumufewetsa mtima umene iye ankafuna ukhale wouma.

Chitokosi chimene anasungamo Mlamu chinali chongokwana mphasa imodzi ndi ndowa. Kawindo kanali m'mwamba, kosafikirika ndi dzanja. Mlamu sanapereke moni. Analanda mwanayo, anakhala pansi, ndipo kwa kanthawi m'chipindamo munkangomveka kumeza.

"Matewera aja munaanula, alamu?" anafunsa pambuyo pake. "Ndinawasiya pachingwe."

Nesi anamva manyazi mpaka kumapazi. Anali atakonzekera kutukwanidwa, osati kufunsidwa za matewera.

"Ndinaanula. Tandiuzaninso za Lamlungu, mlamu. Zonse."

"Ndanena kale, alamu. Ndinawasambitsa m'mawa, ndinawasintha zovala, ndinawatembenuza kuti zilonda zipume. Kenako ndinapita kumpopi wa kutsogolo kukachapa, mwana ali kumsana, wailesi ili pawindo. Nditamaliza kuyanika ndinawatengera chakudya. Ndinapeza pilo ali pansi, iwo ali zii."

"Pilo munamukhudza?"

"Ndinamutola. Ndinawaikiranso kumutu kuti anthu asawapeze mutu uli pendeke." Anasuntha mwanayo kumupatsa bere lina. "Akuti umboni wake ndi umenewo."

"Simunamve chilichonse? Chitseko? Mapazi?"

"Madzi ankathira m'beseni, alamu. Ine ndinkamva madzi."

Panja pa chitokosi anakumana ndi Sajeni, wapolisi wofufuza nkhaniyo. Anali munthu wamtali wowerama, amene anasiya fodya n'kuyamba maswiti, ndipo ankalankhula switi ili m'tsaya.

"Mayi wanga, ine sindidana naye mtsikanayu," anatero asanafunsidwe. "Koma mayi wogulitsa tomato moyang'anizana ndi geti anakhala pamenepo tsiku lonse, sanaone munthu akulowa. Dokotala akuti madala anamwalira dzuwa lili pamutu. Ndiye taganizani: munthu akupukuta apongozi ake m'mawa ndi madzulo, mwana ali kumsana, mwamuna ali pamsewu. Kutopa kumapha, mayi wanga. Ndaziona."

"Ndiye mutani naye?"

"Mawa kukhoti. Akachoka kumeneko ndi kundende yaikulu kukadikira mlandu, ndipo kumeneko munthu amadikira mpaka kuiwala chimene akudikira." Anayang'ana khanda limene linali litagona tsopano kumsana kwa Nesi. "Uyu akhoza kulowa naye. Malamulo amalola."

*

Mlongo wake wa Nesi, amene aliyense ankamutchula kuti Dalaivala chifukwa cha thiraki imene ankayendetsa maulendo aatali, anali atakhala pabedi la malemu, manja ali m'masaya. Anafika Lolemba, atasiya katundu wa eni ake panjira, n'kupeza bambo ali kunyumba yachisoni, mkazi ali m'chitokosi.

"Mwabwera kudzatani, achemwali?" anatero osadzutsa mutu. "Kwatsala ndani woti mumumangitse? Ine?"

"Ndabwera kudzaona chipinda."

"Chioneni. Mkazi wanga amalowa muno kasanu patsiku ndi beseni. Inu mumabwera Lachinayi ndi malalanje, n'kumaloza fumbi pawindo. Lero wakupha ndi iye."

Panalibe bodza pa zimenezo. Chipindacho chinali cha kumbuyo kwa nyumba, chopanikizika, chonunkhabe mankhwala opaka ndi sopo. Chinali ndi chitseko chakechake chotulukira pakabwalo kopapatiza, ndipo kabwaloko kankathera pakhoma la njerwa lofika m'mapewa. Kuseri kwa khomalo kunali kanjira ka magalaja, amene Lamlungu amakhala otseka.

"Apolisi anayang'ana kumeneko," anatero Dalaivala. "Simenti yokhayokha. Phazi silioneka."

Pakampando ka pambali pa bedi panali foni ya bambo, yozima. Wina pa anthu obwera kudzalira anali atazula chaja chake, ndipo apolisi sanaitenge chifukwa inalibe simu.

Foni imeneyo inali ndi chizolowezi chake m'banjamo. Simu yake inafa kalekale ndipo palibe anavutika kugula ina, poti madalawo sankathanso kulankhula zomveka. Chimene ankatha chinali kukanikiza ndi chala chachikulu cha kumanzere n'kumvetsera. Choncho wachibale aliyense wobwera kudzawaona, asanakhale n'komwe pansi, ankayatsa hotisipoti pafoni yake, kuti foni ya bambo ipale nawo intaneti monga munthu amapalira moto kwa mnzake. Mauthenga onse ounjikana ankalowa nthawi imodzi, madala n'kumaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Mlendo akachoka, foni inkakhalanso chete. "Mwawayatsira bambo?" linali funso la tsiku ndi tsiku. Wowayatsira kwambiri anali Kamphepo, mwana yekhayo wa Nesi, mnyamata wamkulu woperekera anthu katundu panjinga yamoto, amenenso yekha ankatha kumasulira zimene agogo ake ankang'ung'udza. Mlamu ndi amene sankatha kuwayatsira. Foni yake inali ya mabatani, yongoimbira ndi kuunikira magetsi akazima.

Nesi anaitola foniyo popanda chifukwa, kungoti inali chinthu cha bambo. Nthawi yomweyo yake inalira m'chikwama. Anali azakhali, mlongo wawo wa malemu, amene ankakhala kutali ndipo akamalankhula pafoni ankakuwa ngati mawuwo ayenda wapansi.

"Iwe Nesi! Thupi la mlongo wanga alitulutsa liti? Ine miyendo yatupa ngati mitondo, koma ndibwera, kaya mundikoke pawilibala. Ndiye zomwe ndikumvazi n'zoona? Kamtsikana kofatsa kaja? Ambuye atichitire chifundo. Koma chimodzi chimanditonthoza, mwanawe. Anapita atamva nyimbo zanga. Unachita bwino kupita kukamuyatsira."

"Liti, azakhali?"

"Lamlungu! Wayamba kuiwala usanamere imvi? Ine m'mawa uliwonse ndimamuimbira nyimbo ya kutchalitchi n'kumutumizira. Uthenga ukanyamuka umachonga kamodzi, ukafika umachonga kawiri, zimenezo ngakhale ine wosaphunzira ndimazidziwa. Ya Lachisanu inachonga kamodzi. Ya Loweruka kamodzi. Ndinati ana awa amutaya mlongo wanga. Ndiye Lamlungu ndikutuluka m'tchalitchi, dzuwa lili pamutu, foni ili m'manja, ndikuona ndi maso angawa zonse zikuchonga kawiri, nthawi imodzi. Ndinati ameneyo ndi Nesi."

"Mukutsimikiza kuti linali Lamlungu masana?"

"Iwe, ine ndatupa miyendo, osati mutu."

Nesi anatsamira khoma. Lamlungu lonse iye anali kuntchito. Foni ya mabatani siyatsira foni inzake. Ndiye kuti pa nthawi imene Mlamu ankamva madzi okhaokha, munthu wina anali m'chipinda muno.

Chimene anamva poyamba chinali chimwemwe chenicheni. Anangotsala pang'ono kumugwedeza Dalaivala paphewa kuti dzuka, mkazi wako atuluka. Koma china chake chinamugwira lilime, ndipo anaika foni ya bambo m'chikwama n'kutuluka osatsanzika.

*

Munthu amene ankamutcha Magalasi ankakonza mafoni m'kakontena kopapatiza kuseri kwa msika, momwe munthu akalowa winayo ayenera kuima chammbali. Anali ndi magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi, ndipo ankakonda kufunsa mafunso n'kudziyankha yekha. Anailumikiza foni ya malemu kumagetsi, anamvetsera nkhani ya nyimbo za azakhali, n'kugwedeza mutu ngati mphunzitsi amene wapeza mwana wofuna kuphunzira.

"Intaneti ya pafoni imayenda bwanji, mayi? Anthu amaganiza kuti imangoyenderera. Ayi. Imayenda m'timaphukusi. Nyimbo ya azakhali anuyo imadulidwa tizidutswa, kachidutswa kalikonse n'kulembedwa kumene kakupita. Nanga foni yolandira ikakhala yopanda njira? Timaphukusito timadikira, kaya sabata yathunthu. Njira ikangotseguka timakhamukira tonse pakamodzi. Zimene anaona azakhali anuzo ndi zimenezo."

"Njirayo ingatseguke yokha?"

"Pafoni yopanda simu? Ayi. Pamafunika foni ina yokhala ndi bandulo, hotisipoti ili yoyatsa."

"Ya munthu aliyense? Wodutsa mumsewu, kapena oyandikana nawo nyumba?"

"Ayinso. Imalowa pokhapo pamene inalowapo kale, pamene wina anailembera pasiwedi. Koma ikangoyandikira ya mwini wodziwika, imalowa yokha, osapempha. Mwini wakeyo sangadziwe n'komwe. Iye akungoyenda, foni ili m'thumba, kwinaku ikugawa."

"Ayandikire bwanji?"

"Chipinda chomwecho, kapena kuseri kwa khoma limodzi. Kupitirira apo imataya." Foni ya malemu inayaka, ndipo Magalasi anatsitsa magalasi a pachipumi n'kuyamba kuyendetsa chala. "Ndiye funso n'lakuti, foni iyi imadziwa angati? Tiione. Atatu basi."

Anaitembenuzira kwa Nesi. Dzina loyamba linali la foni ya Dalaivala, amene Lamlungu anali kutsidya kwa malire ndi thiraki yake, ndipo uthenga wa maliro unamupeza komweko. Lachiwiri linali la foni ya Nesi mwini, imene tsiku lonselo inali yokhomeredwa m'kabati ya kuntchito. Lachitatu analiwerenga kamodzi, n'kuliwerenganso, ngati kuti likhoza kusintha. Iye yemwe ndi amene anamupatsa mwanayo dzina lakuti Kamphepo, ali wamng'ono, chifukwa sankakhala pansi.

M'kakontenamo munatentha mwadzidzidzi. Khanda linatakataka kumsana, nsalu inamufinya pachifuwa, ndipo khomo linali litatsekedwa ndi kasitomala wina wonenepa amene ankadikira.

"Mayi, mwatuwa," anatero Magalasi. "Ndikupatseni madzi?"

"Izimitseni," anatero Nesi. "Izimitseni mundipatse."

*

Kamphepo ankabwera kunyumba masana kudzadya. Nesi anamva njinga ikulowa pabwalo, anamva ikuzima, ndipo kwa nthawi yoyamba anazindikira kuti chiyambire Lamlungu mwanayo sanaimbepo likhweru polowa m'nyumba. Iye ankati ndi chisoni cha agogo ake.

Analowa kukhitchini atanyamula chipewa cha panjinga ndi kachipangizo ka kuntchito kamene kamamuuza kokasiya katundu. Anakaika patebulo, kali koyaka.

"Masteni, mwaphika? Ndili ndi maulendo ena atatu."

"Khala pansi. Kachipangizo kakoka kamapeza kuti intaneti?"

"Pafoni yanga. Kalibe simu."

"Ndiye hotisipoti umayatsa nthawi yanji?"

"Sindizimitsa n'komwe. Ndikazimitsa, abwana saona pamene ndili, amayamba kuimba." Anaseka pang'ono, koma kusekako kunathera panjira. "Bwanji?"

"A Sajeni unawauza kuti Lamlungu masana unali kuti?"

"Kumalo omwetsera mafuta. Njinga inavuta tcheni. Akhoza kufunsa abwana, kachipangizoka kanaonetsa pomwepo."

"Kachipangizo unakasiya pomwepo, eya, pamodzi ndi njinga. Pamenepo unaganiza bwino. Koma foni unapita nayo m'thumba."

Anatulutsa foni ya bambo m'chikwama, yozima, n'kuiika pakati pa tebulo. Kamphepo anaiyang'ana. Anali mwana wanzeru, wokulira m'zinthu zimenezi, ndipo sanafune kufotokozeredwa. Nesi anaona nkhope yake ikumvetsa, ndipo akanapereka chilichonse kuti mwanayo akwiye, akuwe, amunene kuti wapenga. Koma anangoika chipewa pansi pang'onopang'ono.

"Nyimbo za agogo aakazi," anatero motsitsa. "Zinalowa ine ndili pomwepo. Ndinaimva foni ikunjenjemera. Ndinaganiza kuti palibe angazindikire."

"Iwe mwana iwe."

"Anandipempha, amayi." Dzina lachibwana la masteni linali litatha. "Inu munkamva mmm, mmm. Ine ndinkamva mawu. Munthu amene ankapala matabwa tsiku lonse osakhala pansi, amene anandiphunzitsa kugwira sowo, akusambitsidwa ndi mpongozi wake ngati khanda. Zilonda zinafika pafupa, inu mukudziwa. Ulendo uliwonse ankandigwira dzanja n'kunena kuti ndimasule. Ndinkawaseketsa, ndinkawaikira mpira pafoni. Iwo ankangolira ndi diso limodzi lija."

"Bwanji sunandiuze?"

"Anakupemphani inu poyamba. Ndinalipo. Anakulozerani botolo la mapiritsi, inu munati bambo akufuna madzi."

Nesi anakumbukira tsikulo. Anamva bwinobwino chimene bambo ankapempha, ndipo anawamwetsa madzi. Akanafunsidwa lero akanachitanso chimodzimodzi, koma sanadziwe kuti pempho limene iye analikana linangosamukira kwa mwana wake.

"Ndinalumpha khoma la kumbuyo," Kamphepo anapitiriza, maso ali patebulo. "Atandiona anagwedeza mutu. Pilo anandilozera okha. Koma thupi linakana, amayi. Iwo ankafuna, thupi linkalimbana. Zimenezo palibe anandiuza." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Ndimaganiza kuti anthu angonena kuti madala apuma. Sindimadziwa kuti inu mutsegula maso awo."

"Nanga anti ako?"

"Ndimati awatulutsa, poti sanalakwe. Tsiku lililonse ndimati lero awatulutsa."

"Mawa akupita kundende. Ndi uyu."

Anatembenuka pang'ono kuti mwanayo aone khanda limene linali kumsana, pakamwa pali yasa, likugona tulo tokhuta. Kamphepo analiyang'ana kamodzi n'kubisa nkhope m'manja. Kulira kwake kunali kwa mwana wamng'ono, ndipo Nesi, amene anamulera yekha chimwalirireni mwamuna wake, anamugwira paphewa.

Anagwira njakata. Akakhala chete, munthu wosalakwa akalowa m'ndende ndi khanda, ndipo womulowetsayo ndi iye. Akalankhula, apereka mwana wake yekhayo ndi dzanja lake. Anayang'ana makoma a khitchini yake, mapoto, kawindo ka nsalu yofiira, ngati kuti penapake pali khomo lachitatu limene sanalione. Kenako anaganiza kuti waliona.

"Tamvera. Pafoni iyi pali mayina awiri otsala, lako ndi langa. Tenga njinga. Pita kwa abale a bambo ako, usaime panjira. Foni yako uizimitse, simu uitaye m'ngalande."

"Nanga inu?"

"Ine ndi nesi. Ndimadziwa kumene munthu amapumira. Andikhulupirira."

"Amayi, ayi."

"Sindikukufunsa. Ndakhala ndikukuuza zochita kuyambira uli m'matewera, lero usandiyese. Nyamuka."

Anamukankhira panja yekha, anamuveka chipewa yekha, ndipo anaima pakhomo mpaka phokoso la njinga litazimirira kumapeto kwa msewu.

*

Ofesi ya Sajeni inali ndi tebulo limodzi, mipando iwiri, ndi windo lokhomedwa ndi misomali. Wapolisi wamkazi anatenga khanda kupita nalo kwa amake kukayamwa, n'kutseka chitseko. Nesi anaika foni ya bambo patebulo, yake pambali pake, ndipo anafotokoza za nyimbo za azakhali ndi zimene ananena Magalasi. Analankhula mwadongosolo, monga amachitira popereka lipoti la wodwala.

Sajeni anaimbira azakhali, anasuntha foni kutali ndi khutu pamene iwo ankakuwa, n'kuthokoza. Kenako anayatsa foni ya malemu. Inayaka n'kukhala chete, yopanda simu, yopanda njira. Anawerenga mayina atatu aja, switi ikuyendayenda m'kamwa.

"Ndiye kuti mtsikana uja atuluka," anatero. "Foni ya mabatani singachite zimenezi. Ndinalakwitsa, ndipo ndikamupepesa ndekha. Mlongo wanu anali kunja kwa dziko, ndinaona chiphaso chake. Kwatsala awiri."

"Kwatsala mmodzi. Ndine."

Sajeni sanadzidzimuke. Anangosiya kuyendetsa switi.

"Ndinazemba kuntchito masana," Nesi anapitiriza. "Ndinalumpha khoma la kumbuyo. Bambo anali atandipempha kalekale. Ndinaitana apolisi kuti anthu asandiganizire. Lembani."

"Khoma lofika m'mapewa, mayi wanga?"

"Ndinakwera pandowa."

"Mmm." Sajeni anatsamira mpando. Mawu ake anali ofatsa, ndipo kufatsako kunamuwawa Nesi kuposa kukalipa. "Pantchito yathuyi, woyamba kukuwa kuti kwafa munthu ndi amene timayamba kumufufuza. Lolemba m'mawa ndinali kuchipatala kwanu. Kuli mayi wina kumeneko amene anabereka mapasa Lamlungu, wachiwiri anabwera chotsogoza miyendo. Akuti simunamusiye dzanja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anzanu awiri anena zomwezo, dokotala wanena zomwezo. Kiyi wa kabati imene munali foni yanu anali m'khosi mwa mkulu wanu wa pantchito. Mayi ujatu akufuna kuti mukatchule ana akewo mayina."

 Moyo wake wonse Nesi ankanyadira kuti sachoka pantchito, ndipo lero khalidwe lomwelo linamutsekera khomo lomaliza.

"Ndaonapo amayi ambiri atakhala pampando umenewo," anatero Sajeni. "Sindikulembani bodza limeneli, ndipo sindikusungirani chakukhosi. Ndikufunsani funso limodzi. Mwana wanu ali kuti?"

"Sindikudziwa."

"Mayi wanga."

"Sindikudziwa, ndanena."

Anapinda manja pachifuwa n'kuyang'ana misomali ya pawindo. Anaganiza kuti angokhala chomwecho. Kukhala chete kwake kunali msewu wa mwana wake. Pofika pano anali atadutsa mlatho, mwina atatuluka kale m'tauni, simu ili m'ngalande. Sajeni afunse mpaka maswiti amuthere, iye sayankha. Kuseri kwa khoma ankamva Mlamu akuimbira khanda motsitsa mawu, osadziwa kuti mawa sapitanso kukhoti.

Pamenepo foni ya bambo inanjenjemera patebulo.

Inanjenjemera kamodzi, kenako kawiri, kenako mosalekeza, ikuyenda yokha pang'onopang'ono kulowera kumphepete. Mauthenga amene anadikira chiyambire Lamlungu ankakhamukira onse pakamodzi. Sajeni anaigwira isanagwe. Anatola foni ya Nesi, anayang'ana, n'kuibwezera pansi. Hotisipoti yake inali yozima.

Onse awiri anatembenukira kuchitseko. Pansi pake, pamene kuwala kwa m'khonde kunkalowera, panali mithunzi ya mapazi awiri. Panadutsa kanthawi, ngati munthu akusonkhanitsa mpweya.

"Odi," anatero mawu a Kamphepo.

Sajeni analavulira switi m'kapepala, anakapinda bwinobwino, n'kukaponya m'bini.

"Mutsegula ndinu, mayi wanga, kapena nditsegule ine?"

Nesi anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kuimirira. Sanafune kuti mwana wake atseguliridwe ndi munthu wina.